Nsapato za Alamu Anga

Mumsewu wathu wa m'kati mwa tauni tatsala amalonda atatu: ine wa nsapato, mayi wa mankhwala, ndi bambo wa mabokosi a maliro. Wa mabokosiyo ndiye yekha amene akunenepa. Sitolo ya mabuku inasanduka tchalitchi, ya mipando inasanduka tchalitchi china cholimbana ndi choyambacho, ndipo banki inatisiyira makina a pakhoma amene ntchito yake ndi kupepesa.

Musandimvere chisoni, makasitomala ndili nawo. Amalowa, amakhala pa benchi langa, ine n'kugwada, kuwavula nsapato zawo zonunkha, kuwaveka zanga. Amayenda uku ndi uku patsogolo pa galasi. Akakhutira amatulutsa foni, kujambula nambala ya pa bokosi, n'kunena kuti, "Tibweranso, bambo." Amakaitanitsa pafoni kwa anthu amene sanawagwirepo phazi.

Tsiku lina m'mawa analowa alamu anga, achimwene awo a mkazi wanga, mimba patsogolo.

"Alamu, mwana wanu uja akukwatiwa," anatero. "Ndiye ndati nsapato za ukwati ndisavutike nazo kwa anthu achilendo, m'bale ali pompano."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinawapukutira benchi, ndinawagulira chakumwa chozizira. Phazi la alamu ndi lotambalala ngati la bakha, chala chachikulu chili ndi maganizo akeake. Ndinakwera makwerero, kutsitsa mabokosi, kukweranso, mpaka msana unayamba kuyankhula. Pomaliza tinapeza zakuda, zachikopa chofewa, zowakwana ngati anabadwa nazo.

"Izi ndiye nsapato!" anatero, akudzigomera pagalasi. Kenaka dzanja linalowa m'thumba. Ine ndinkati likukatenga chikwama. Linatuluka ndi foni.

"Ndikangowaonetsa mayi a kunyumba, alamu. Mukudziwa kale azimayi."

Patapita masiku, wa njinga yamoto anaima pakhomo panga ndi katoni. Dzina linali la alamu, koma malo ofikira inali sitolo yanga.

"Anati muwasungire," anatero wa njingayo. "Akuti inu simuchokapo, komanso simukhala otanganidwa."

Alamu anabwera masana, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Anatsegulira katoniyo pa kauntala yanga, ndi lumo langa. Anakhala pa benchi n'kutambasula mwendo, kudikira kuti ndigwade. Ndinagwada, chibale n'chovuta. Nsapatozo zinali zonyezimira ngati ndowa yapulasitiki, ndipo fungo lake linalinso la ndowa. Phazi linalowa theka n'kukana.

"Alamu, munandiyeza molakwika," anatero mokwiya. "Nambala ndi yomweyi imene munandipatsa inu."

"Pepani kwambiri. Kadandauleni kwa amene anakugulitsaniyo. Ali pafoni pomwepo, sachedwa kuyankha."

"Ndayesa, akuyankha ndi makina. Tingopanga chonchi: ndipatseni zanu zija, inu mutenge izi. N'zatsopano, muzigulitsa."

Ndinakana. Madzulo ake mkazi wanga anandidikira pakhomo manja ali m'chiuno, kundifunsa ngati ndikufuna achimwene ake akapereke mwana ali chosavala. Tinagwirizana pakati: zanga sindipereka, koma za pafonizo ndiziika pa chitsulo chofutukulira nsapato. Zinafutukuka pang'ono, kwinaku zikulira.

Pa ukwati alamu anayenda ndi mkwatibwi ngati akuponda makala a moto. Anthu poona misozi m'maso mwawo ankati ndi ya chikondi. Itakwana nthawi ya zolankhula, anaimirira atavala nsapato imodzi, inayo itabisala pansi pa tebulo, chidendene chake chitamatuka. Anathokoza abusa, ophika, oimba. Kenaka anandiloza.

"Ndisaiwale alamu anga awo, a sitolo ya nsapato m'tauni. Za nsapato zanga zonse anayendetsa ndi iwowo."

Holo yonse inayang'ana phazi lawo, kenaka inayang'ana ine. Ena anaomba m'manja.

Chimene chinafala sichinali mbiri ya nsapato yokha ayi. A njinga zamoto anauzana kuti m'tauni muli bambo wina amene sachokapo. Lero amatula makatoni pakhomo panga m'mawa uliwonse: mapoto, mawigi, mafani, ngakhale nsapato. Eniake amabwera kudzatenga, amaima pamzere mpaka panja, ena amandikalipira katundu wawo akachedwa.

Sabata yatha anadutsa bwana wa kukhonsolo, amene amayendetsa ntchito yodzutsanso misewu ya m'tauni. Ataona mzerewo anatsika m'galimoto ali chimwemwe tsaya.

"Mwaona, bambo? Tinanena ife kuti anthu abwerera m'tauni!"

Anaitana womujambula, anandikoleka dzanja paphewa kutsogolo kwa mulu wa makatoni. Wojambulayo anasuzumira m'kamera, n'kupukusa mutu.

"Bambo, tachotsaniko nsapatozo pawindopo. Zikutchinga katundu."

Ndinazichotsa, ndinamwetulira, ndipo chithunzicho akuti chinatuluka bwino kwambiri.