Makiyi a Ababa

Mimba ya Kanyerere inali itatupanso. Amake anaidina ndi zala ziwiri, mwana n'kukankha dzanja lawo, n'kupitiriza kutola timikanda pansi pa tebulo. Dzinalo linachokera pomwepo: chilichonse chogwa pansi ankayamba kuchiona ndi iye.

"Anadya chiyani dzulo?" anafunsa amake, maso ali pa mlamu wawo amene ankatsuka mbale.

"Zomwe munasiya, alamu. Phala la mpunga, dzira, nthochi. Masana mbatata."

"Basi?"

"Basi. Kapena ndiyambe kusunga makoko a nthochi kuti muziwaona mukaweruka?"

Amake sanaseke. Kuchipatala anali atawauza kuti mwanayo ali ndi matenda a siliyaki, kuti thupi lake silimvana ndi tirigu. Ngakhale kanyenyeswa ka buledi kamapweteka matumbo ake, ndipo zakudya zina zimangodutsa osamugwira. Chiyambire tsiku limenelo buledi sanalowenso m'nyumbamo. Sefa yakale anaitaya, zikombe anagula zatsopano, ndipo paketi iliyonse amake ankaiwerenga kuseri asanaiike m'basiketi. Mwana ananenepa, masaya n'kubwerera. Koma nyengo yozizira itangoyamba, kutsegula m'mimba kunayambiranso, kadiresi n'kumamutaya m'mapewa.

Amake ankagwira ntchito kusaluni mpaka madzulo. Bambo ake anali telala m'tauni. Wotsala ndi mwana tsiku lonse anali mlamuyo, mchemwali wa bamboyo, amene anabwera kudzathandiza podikira ntchito.

Poyamba amake anakayikira ana a aneba. Kenako anataya majarini poganiza kuti wina anapisamo mpeni wa buledi. Zimenezi zitapanda kuthandiza, anayamba kumuona mlamu wawo mwina. Akamayasamula, iwo ankayang'ana m'kamwa. Akamupsompsona mwana, iwo ankayang'ana manja.

Tsiku lina mlamuyo ali panja kuyanika zovala, amake analowa kuchipinda kwake n'kutsegula sutikesi. Pansi pa masiketi panali chitini. Atachigwedeza chinalira, atachitsegula munali mabisiketi.

Anadikira mpaka amuna awo atabwera, n'kuchiika pa tebulo.

"Mwayamba kundipisa m'chikwama?" anatero mlamuyo.

"Ndayamba kufuna chomwe chikundithera mwana."

"Ndimadyera kuseri kwa bafa, iye akagona. Ndikatha ndimasamba m'manja ndi sopo, m'kamwa ndimachukucha. Mwana ndimamubereka kumsana kwanga, ine yemweyo ndimupatse chomupweteka?"

"Omukonda omwewo ndi amene amati kamodzi kokha sikangamutani."

Mlamuyo anatembenukira kwa mlongo wake. "Achimwene, inu mungokhala chete?"

Bamboyo anali akuyang'ana nsapato zawo. Anakanda m'mutu, n'kunena chapansipansi kuti mwina mchemwali wawoyo apite kaye kwa amayi awo, aone ngati mwana asintha. Mlamuyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakatseka chitseko cha kuchipinda mosamenyetsa.

M'mawa mwake amake sanapite kusaluni. Anakhala pampando waufupi pafupi ndi khomo akusenda mbatata, akumva mlamu wawo akupinda zovala. Kanyerere ankalowa ndi kutuluka kuchipindako, akufunsa azakhali ake ngati nayenso atenge nsapato.

Chakumasana bamboyo anabwera kuti aperekeze mchemwali wawo kokwerera basi. Geti litangolira, Kanyerere anathamangira kukhomo.

"Makiyi, ababa, makiyi!"

Bamboyo anaima n'kukweza manja m'mwamba ngati wagwidwa. Anali masewera awo a tsiku ndi tsiku, koma amake anali asanawayang'anitsitsepo, chifukwa nthawi zambiri bamboyo akamafika iwo amakhala akuluka anthu tsitsi. Mwana anapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa makiyi, n'kuwapereka monyadira. Kenako anabwezanso dzanjalo m'thumba momwemo. Anakanda pakona ndi kachala, n'kukatulutsa, n'kukanyambita.

Mpeni unaima m'manja mwa amake. Anadzuka, n'kumuchotsa chala m'kamwa, n'kumupukuta ndi kansalu konyowa.

"Vulani jekete," anatero.

"Bwanji? Kunja kukuzizira."

"Vulani, bambo a Kanyerere."

Anaiyala pa tebulo n'kutembenuza thumba. Munagwa batani, kachoko kolembera nsalu, kapepala kamafuta kopindapinda, ndi nyenyeswa zambirimbiri, zina zouma, zina zofewa za tsiku lomwelo. Mlamuyo anali ataima pakhomo la chipinda, sutikesi ili m'manja.

"Ndi mabanzi," anatero bamboyo. "Ndimagula pokwerera basi. Ndimadya m'njira, ndimamaliza ndisanafike pageti. M'nyumba muno sindinalowe nalo banzi ngakhale limodzi."

"Jeketeyi munayamba liti kuvala?"

"Kutayamba kuzizira."

Atanena anadzimva okha, n'kukhala pampando. Kanyerere anatambasula dzanja kufuna kufikira patebulo, ndipo amene anamugwira msanga anali azakhali ake. Anaponya sutikesi pansi, n'kumunyamula mwana, n'kubwerera naye m'mbuyo.

"Ndiye tonse m'nyumba muno timadyera kuseri," anatero mlamuyo. "Kungoti ine ndinali ndi chitini chotseka. Achimwene, dzulo munkayang'ana nsapato zija, mabanzi anali m'mimba?"

"Sindinadziwe, mchemwali. Ndithu sindinadziwe."

"Zoti simunadziwe ndikukhulupirira. Koma mukanangonena kuti nanunso mumadya, sindikanaima ndekha."

Amake anapukuta tebulo ndi nsalu yonyowa, anatsuka nsaluyo, n'kupukutanso. Ananyamula sutikesi ija, n'kukaiika kuchipinda pafupi ndi bedi.

"Alamu, ndinakupisani m'chikwama. Ndinalakwa."

"Ndamva," anatero mlamuyo, akumusambitsa mwana m'manja.

Tsiku lomwelo bamboyo anachapa jekete yekha. Itauma anatenga singano n'kusoka matumba onse awiri, kusoka kothinana kumene amasokera makasitomala ovuta. Makiyi anawamanga pachingwe n'kuwakoleka m'khosi.

Patapita masabata mimba ya Kanyerere inayamba kuphwa. Geti likalira ankathamangabe, n'kumapapasa pamene panali thumba, mpaka abambo ake awerame kuti awavule chingwe. Mlamuyo anakhala, ankaphika phala la mpunga ndi kuseka ndi mwana monga kale. Koma zovala zake sanazibwezere m'kabati, ndipo pa sutikesi paja panaoneka kaloko kakang'ono. Amake ankakaona m'mawa uliwonse akamasesa, n'kusesa mozungulira.