Mbali Yochokera Mphepo

Tiyi wa madzulo anali atazizira m'makapu pamene a Nadim anabwereza pempho lawo. Panali patangopita masiku ochepa chiikireni m'manda mkulu wawo, a Zubair, mlakatuli wa chinenero cha Urdu amene anakwatira Mathilda wa ku Dedza, n'kukhazikika naye m'dziko lozizira la kutsidya kwa nyanja.

"Alamu," anatero, poti ndilo liwu lokhalo la Chichewa limene ankalidziwa, "mawa alakatuli anzawo akusonkhana ku North York, mumzinda momwe muno. Ndakatulo yawo yomaliza ili m'mutu mwanu mokha. Mukapanda kuinena, ndiye kuti apita nayo."

Zinali zoona. Sitiroko itapha dzanja lawo lamanja, a Zubair anasiya kulemba. Kwawo ku Lahore mlakatuli akanena mzere woyamba, omvera amaubwereza mokweza, iye n'kupitiriza. Pakhomo pano womvera anali Mathilda yekha. Ankabwereza uku akusita yunifolomu ya kuchipatala, mpaka mizereyo inamukhala ngati nyimbo. Tanthauzo sankalidziwa. Akafunsa, iwo ankangoseka: "Siinapse."

"Mum, ingonenani," anatero Vanessa, mwana wawo. "Mukuopa chani?"

Mathilda anapukuta tebulo louma kale.

"Abambo ako ankalemba za ku Lahore zokhazokha. Mvula ya kumeneko, misewu ya kumeneko, ndi kamtsikana kena ka pawindo. Ine ndawasambitsa, ndawadyetsa ndi supuni. Lero ndikamvere pagulu kuti ndinkaloweza mawu onena za mkazi wina?"

A Nadim anayang'ana pansi. "Ndiye nenani pompano. Ikakhala yotero, ithere m'nyumba muno."

Mathilda anasiya kupukuta tebulo. Kenaka anatsinzina, n'kunena mzere woyamba. A Nadim anaubwereza mosaganiza n'komwe, monga mwa chizolowezi, ndipo iye anapitiriza mpaka pomwe amuna ake analekezera.

A Nadim anavula magalasi.

"Musandinamize, alamu," anatero Mathilda.

"Sindinama. Akuti: chipale chofewa chagwa, basi yachedwa, iwe ukudandaula za mawondo. Ndilibe nyumba yokumangira, ndilibenso dzanja lokugwira nalo. Ndingoima mbali yochokera mphepo."

"Yatha?"

"Yathera pomwepo." A Nadim anapukuta m'maso, n'kuseka pang'ono. "Katchulidwe kanu n'komvetsa chisoni, alamu. Koma simunataye liwu ndi limodzi lomwe."

"Mawa ndikanena," anatero Mathilda akutolera makapu. "Akandiseka, muyankha ndinu."

M'mawa mwake ananyamuka ndi Vanessa kukadikira basi pa siteji yake ya masiku onse, pomwe a Zubair ankamuperekeza akamapita kuntchito, ndodo ili kumanzere. Atangoima, mphepo inamuwomba patsaya, yozizira mpaka m'mano. Anagwira tsayalo modabwa. Zaka zonsezi ankayesa kuti malowo ndi otchingika.

Vanessa anamuyang'ana, anayang'ananso kochokera mphepo. Anazungulira kumbuyo kwa amayi ake, n'kukaima mbali imeneyo.