Theka Lina la Mawu a Aphunzitsi

Mkuluyo anafika dzuwa lili paliwombo, atanyamula kachikwama kothothoka chogwirira. Sanapereke moni. Anakhala pa chitini changa cha penti chopanda kanthu n'kuyamba kuwerenga khoma pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

Ine ndinali pa makwerero, burashi m'manja, msana ukuwawa. Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, ndipo sabata imeneyo ndinkalemba mawu a malemu Aphunzitsi pa khoma la holo ya m'tauni. Aphunzitsi anatsogolera dziko lathu zaka khumi. Asanalowe ndale ankaphunzitsa masamu, ndiye dzinalo linangowakanirira. Mawa lake kunali msonkhano wowakumbukira. A Kapitawo, amene ankayang'anira zokonzekera, anandipatsa pepala la mawu asanu n'kundichenjeza kuti ndikawonjezera kapena kuchotsa ngakhale kadontho, ntchito yolemba makoma a masukulu onse makumi awiri aipereka kwa wina. Ntchito imeneyo ndinali nditaidikira miyezi isanu ndi itatu.

Pamwamba panali pataumapo kale: "Voti ya mlonda ndi ya bwana wake n'zofanana msinkhu." Pansi pake: "Dziko limene ana ake amaopa kufunsa ladwala kale." Omaliza anali aafupi kwambiri, moti ndinachita kutalikitsa zilembo kuti zidzaze mzere: "Mpando ndi wa anthu."

Mutu wanga suchedwa kupeka. Ndisanatsike, ndinali nditamupezera kale mkuluyo mbiri yake: kuti ali mnyamata anapangana ndi mtsikana wina kuti adzakumane pa holo pano, mtsikanayo sanabwere, ndiye iye amabwerabe. Ndinali nditasankha ngakhale mtundu wa diresi.

"Mwana wanga, pamenepo watha?" anafunsa, akuloza mzere womaliza.

"Ndatha, agogo."

"Ndiye wamudula munthu mawu ali m'kamwa."

Ndinamuonetsa pepala. Analibweza osaliyang'ana.

"Anati, 'Mpando ndi wa anthu. Wokhalapo ndi mlendo, azidziwa nthawi yotsanzika.'"

"M'mabuku akusukulu mulibe zimenezo."

"Mabuku amasindikizitsa ndi amene ali pampandopo."

Ndinakhala pa sitepe, n'kupukuta manja ndi kasanza. Nkhani ya mawuwo ndinkaidziwa pang'ono, monga aliyense. Aphunzitsi atapambana chisankho, amene ankalamulira kale anakana kuchoka, anadzitsekera mu ofesi masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ife tinakula tikumutcha Kakamira. Zithunzi zake anazichotsa kulikonse ndisanabadwe, ndipo anthu ankati anafera kunja.

"Inu munalipo?" ndinafunsa.

"Ndinali pafupi kuposa mmene ndinkafunira. Aphunzitsi sanabwere ndi asilikali. Anagogoda yekha, chipewa chili m'manja, ngati wodzabwereka mchere. Sanakweze mawu. Munthu akakukalipira umapeza poyankhira, koma uja..." Anapukusa mutu. "Mawu oyambawo aliyense amawakonda, makamaka amene wangokhala kumene. Achiwiriwo ndi amene anatsegula chitseko."

"Ndiye mukufuna ndiwalembe?"

"Malo alipo."

"Malo alipo, koma ntchito ndiye ithera pomwepo. Ndizidya penti, agogo?"

"Ayi, penti imamanga m'mimba."

"Munalawapo?"

"Ndalawa zambiri, mwana wanga."

Sanandikakamize. Anangokhala, manja ali pa kachikwama, akuyang'ana malo oyerawo. Inenso ndinayang'ana. Khoma limenelo ndinali nditalilemba zaka zitatu zotsatizana. Chaka choyamba mawu anali asanu ndi atatu. Chaka chachiwiri anandiuza kuti ndifufute aja onena za atolankhani, akuti khoma lachepa. Chaka chino anachotsa awiri, ndipo khoma linali lomwelo, njerwa zake zomwezo. Dzanja langali ndi limene linkafufuta, penti yoyera kawiri kuti zakale zisaonekere. Ndinali nditatopa, osati msana wokha.

Ndinakweranso. Ndinajambula mizere ndi choko, ndinasungunula penti yakuda, n'kulemba zilembo zofanana kukula ndi zinzake. Zinanditengera ola lathunthu. Mkuluyo anagwirira makwerero nthawi yonseyo.

A Kapitawo anafika ndikulemba kadontho komaliza. Anatsika m'galimoto, anawerenga khoma kuchokera pamwamba, ndipo atafika pansi anavula magalasi n'kuwavalanso.

"Chemwali, pepala lija linali ndi tsamba lachiwiri?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye izi zagwa kumwamba?"

"Ndi mmene ananenera eni ake."

"Eni ake ali m'manda, sabwera mawa. Obwera mawa ndi a nduna, ndipo akhala moyang'anizana ndi khoma limeneli maola atatu." Anapumira m'mwamba. Nawonso ankaoneka kuti sanagone bwino masiku angapo. "Penti yoyera muli nayo. Fufutani, tiiwale. Apo ayi, pindani makwerero anu, za masukulu zija muiwalenso."

Chitini cha penti yoyera chinali pafupi ndi phazi langa. Ndinaganiza za makoma a masukulu makumi awiri aja, ndi mmene ndinawauzira amayi kuti chaka chino zinthu zisintha. Kenako ndinatseka chitinicho, n'kuchimenya ndi chidendene kuti chivundikiro chigwire. Ndinapinda makwerero.

"Afufute wina, bwana. Ine dzanja lakana."

A Kapitawo anatembenukira kwa mkulu uja.

"Ndinu mwamusokoneza mutu mtsikanayu, eti madala? Mawu amenewa munawamva kuti? Ndinu ndani inu?"

Mkuluyo anaimirira movutikira, n'kukonza kolala ya jekete lake lotuwa.

"Ndinawamva ndili kuseri kwa chitseko, bwana. Ankauza ine."

Kenako anatchula dzina lake, mayina onse atatu, mosathamanga, monga ankawatchulira pa wailesi kalekale. A Kapitawo anavula chipewa asanazindikire chimene dzanja lawo likuchita. Linali dzina lenileni la Kakamira.