Sitima Yagona

Laban Mbewe anali ndi mutu ngati sefa. Sindikunena mwachipongwe, chifukwa ku Makululu konse, komboni yathu ya ku Kabwe, kunalibe wopeka nyimbo ngati iye. Bambo ake anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi wa ku Kabwe, ndipo chuma chimene anamusiyira chinali gitala yothyoka khosi basi. Laban anaimanga ndi waya, nakanitsitsa zolowa pansi pa nthaka. Analibe bandi, analibenso bwana. Loweruka masana ankakhala pa benchi m'tavani n'kumapeka nyimbo pomwepo: za mizere yogulira sopo, za kondakitala wa sitima amene anali ndi mkazi pa siteshoni iliyonse. Anthu ankavina mpaka fumbi koboo. Koma kukacha, mwini nyimboyo sankakumbuka ngakhale mzere umodzi.

Nkhokwe yake inali mkazi wake Felistas, mwana wa banja la Akatolika a ku Katete. Iyeyu ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa tavani, khutu lili tcheru. Lolemba akamachapa ankaimba nyimbo zonse za Loweruka, osaphonya liwu, Laban ali pambali ndi gitala kuphunzira nyimbo zake zomwe. Anthu oyandikana nawo ankaseka, koma banjalo linkadya motero.

Kenako chikuku chinatenga Abigail, mwana wawo mmodzi yekhayo, asanayambe n'kuyenda komwe.

Felistas anasiya zitumbuwa, kutavani osapondako. Nyimbo zatsopano zinkafera m'tavani momwemo, ndipo zakale zinayamba kuthothoka m'mutu mwa Laban imodziimodzi. M'nyumbamo munatsala kanyimbo kamodzi kokha, kamene Felistas anapeka yekha pogoneka mwana. Akamatsuka mbale ankakaimba chapansipansi:

"Tonthola Abi, njanji yazizira,
sitima yagona, nawenso gona."

Sankaimbira munthu aliyense wamoyo. Laban akangotulukira, iye ankakhala chete.

M'chaka cha 1976 kunamveka kuti anthu a wailesi akubwera ku Kabwe kudzajambula oimba a konkuno. Laban anali atadikira tsiku lotere moyo wake wonse. M'mawa mwa tsikulo anakhala pafupi ndi mkazi wake pakhomo.

"Amake Abi, nikumbutseniko imodzi chabe. Ija ya sopo."

Felistas anatsinzina. Anayesetsa ndithu.

"Sizibwera, atate ake Abi. Mumutu muli mwana chabe."

Laban anapita choncho, akudalira kuti nyimbo imupeza yokha monga mwa nthawi zonse. Koma muholo mmene ankajambuliramo munalibe phokoso, munalibe fungo la masese, munalibe chidakwa chomuyamba. Munali maikolofoni ndi munthu wa tayi amene anakweza chala, matepi n'kuyamba kuzungulira. Mutu wa Laban unali mbee.

"Ba Mbewe, tepi iyenda," anatero wa tayi uja. "Kuli bantu bambiri panja."

Pakamwa panatseguka pokha, ndipo kamene kanatuluka ndi kanyimbo kogonekera mwana kaja. Zala zake zinkadziwa kaimbidwe kamodzi kokha, ka m'tavani, motero zinakathamangitsa n'kukasandutsa nyimbo yovina. Wa tayi anayamba kugwedeza phazi. Ine mpaka lero zimandipsetsa mtima, ngakhale ndimamvetsa mmene munthu amafikira pamenepo.

Kunyumba sananene kanthu. Ankangopemphera kuti tepiyo ikasowe ku Lusaka. Koma walira mvula walira matope. Nyimboyo inatuluka pa wailesi, ndipo Kabwe yense anaigwira. Ana ankaiimba popita kusukulu, anyamata a ku njanji ankaiimba ndi likhweru.

Felistas anakumana nayo kumsika akugula tinsomba ta kapenta. Pa tebulo la telala panali wailesi, ndipo azimayi ogulitsa anali atamanga zitenje m'chiuno, akudula ziuno n'kumakuwa, "Abi! Abi!" Mmodzi anamukoka dzanja kuti avine nawo, osadziwa kuti Abi anali ndani. Felistas anabweza kapenta pa mulu n'kubwerera kunyumba wapansi.

Sanakuwe, sanatukwane. Zikanakhala bwino akanatukwana. Laban anamupeza akupinda zovala zake, akuziika m'chikwama.

"Amake Abi, nimvereniko. Mumutu munalibe ina."

"Niziba."

"Ganizani chabe, dzina ya mwana yamveka dziko yonse."

Felistas anamuyang'ana, maso ali ouma.

"Vovala vake tinapatsa anthu. Chithunzi tilibe. Ninatsala na kanyimbo kaja chabe, nikaimba ninali kumumvera kumsana kuno. Manje nikayamba, nimvera gitala yanu na anthu okuwa. Mwana wanga sinimupezamo."

Laban anagwada pa simenti, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, akulira ngati kamwana. Analonjeza kuthyola gitala, analonjeza kukalowa mumgodi. Koma nyimbo ikalowa m'makutu mwa anthu, ungaitulutsemo ndi chiyani?

Ankhoswe anabwera, anakhala pansi, nasowa pogwira. Mkazi sanamenyedwe, mwamuna sanayende ndi wina, panyumba sanagone ndi njala. Mmodzi anachita kufunsa kuti, "Mlandu wa nyimbo chabe?" Felistas anakwera basi ya ku Lusaka, kuti akapeze ina ya ku Katete, ndipo Laban anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera. Anakhala chiimire basi itazimiririka kalekale.

Loweruka lotsatira tavani inadzaza kuposa kale lonse. Ena anachokera ku Natuseko, ena ku Mulungushi, kudzaona munthu wa pa wailesi. Laban anakhala pa benchi lake, nayamba kupeka ina yatsopano, ya basi yonyamuka. Sanafike nayo patali.

"Iyayi, Ba Laban! Ija ya sitima!"

Anapukusa mutu. Anthu anayamba kumenya matebulo, akuitana dzina la mwana wake mogwirizana, mosangalala. Laban anafufuza m'mutu mwake monse, kufuna ina iliyonse yoti awapatse, ngakhale ya sopo, ngakhale ya kondakitala. Zonse zinali zitapita ku Katete.

Anakunga zingwe za gitala, misozi ikudontha pa zala, naiimba. Anthu anavina mpaka dzuwa kulowa.