A Magiya Akwera Ndege

A Magiya anayendetsa malole moyo wawo wonse, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Msewu wopita kutauni kumene kunkakhala achemwali awo ankaudziwa ngati chikhatho chawo. Unkadya tsiku lathunthu, mvula ikagwa n'kudyanso lina.

M'mawa wina foni inalira. Achemwali awo aja, amene anawalera makolo atamwalira, anali m'chipatala, ndipo madokotala anati awachita opaleshoni masana omwewo.

"Basi ikandifikitsa mawa," anatero a Magiya atakhala pabedi, nsapato zili m'manja, mutu utaima.

"Bambo, valani nsapatozo," anatero mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamkulu. "Ndakupezerani malo m'ndege. Ndi ola limodzi lokha."

"Ola limodzi? Mayi, ine ola limodzi ndinkakhala ndisanafike n'komwe pamlatho!"

Bwalo la ndege linali laling'ono: mipando yapulasitiki, sikelo ya katundu, fani yolira kudenga. Ndege yakenso inali kandege chabe. Katayamba kuthamanga, a Magiya anaponda pansi mwamphamvu kufuna buleki. Mayi amene anakhala pambali pawo anaseka.

"Agogo, mabuleki ali kutsogolo uko."

"Dalaivala wosamuona nkhope ine sindimukhulupirira," anayankha a Magiya atagwiritsa mpando.

Mtima utakhala m'malo anasuzumira pawindo. Msewu wawo uja unali pansi, wowonda ngati ulusi. Anazindikira chitunda chimene chinkawawiritsira injini nthawi yotentha, ndipo pomwepo panali lole ikukwawa ngati nkhono.

"Limba mtima, mnzanga," ananong'ona. "Bweza giya."

Tiyi amene anawapatsa anali asanazizire pamene makutu anatseka, ndege n'kuyamba kutsika.

Anthu onse atatuluka, a Magiya anaima pakhomo kudikira woyendetsa. Anatulukira mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wotsiriza. A Magiya anavula chipewa n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwana wanga, mwayendetsa bwino. Simunagunde dzenje ngakhale limodzi."

Kuchipatala anapeza achemwali awo ali kale pakabedi kamatayala mukhonde, anamwino akuwakankha.

"Iwe! Wafika bwanji?" anafunsa mayiwo ndi mawu ofooka.

"Ndauluka, achemwali."

"Bodza unaliyamba uli mwana. Taona, mabatani wamanga mopingasa."

Mayiwo anakweza dzanja n'kuyamba kuwakonza malaya, ndipo a Magiya, nkhalamba ya imvi mbuu, anawerama n'kungowasiya. Anayenda nawo atawagwira dzanja mpaka pachitseko chimene achibale saloledwa kupitirira.

Dzuwa litapendeka, opaleshoni itatha, achemwali anatsegula maso n'kupempha madzi. A Magiya anawanyowetsa milomo ndi supuni, kenako anatuluka panja kukaimbira mpongozi wawo.

"Mayi, achemwali adzuka," anatero. "Mwandichitira chinthu chachikulu, mayi. Ndikanakhala ndili m'basi."