Katsitsumzukwa wa ku Podstijene

Vlaho Kristić anabwerako ku nkhondo ali ndi miyendo yake yonse iwiri, koma kayendedwe kake kanali katasintha. Ankaponda pa phula ndi pa simenti pokha. Akafika pa udzu, ngakhale kapinga wa kutsogolo kwa tchalitchi, ankazungulira. Mlongo wake wamkulu, Jele, ankamuseka kuti akuyenda ngati mphaka woopa madzi, iye n'kungomwetulira.

Kale sanali choncho. Ali achinyamata, awiriwa ankadziwa kanjira kalikonse ka m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Dubrovnik mpaka ku Slano. Lamlungu ankakwera basi ya m'mawa, kutsika pamene pawasangalatsa, n'kubwerako madzulo nkhope zitapsa ndi dzuwa. Tsopano panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri chichokereni nkhondo m'mapiri akwawo. Jele, amene ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala, anali atayambiranso maulendowo ndi kagulu ka anzake. Vlaho ankakonza mainjini a maboti ku doko la Gruž, akaweruka n'kukadzitsekera m'nyumba.

Tsiku lina mu Epulo, Jele anamupeza ku dokoko manja ali bii ndi girizi.

"Lamlungu tipite ku Podstijene," anatero Jele. "Katsitsumzukwa waphuka."

"Kumsika aliko."

"Wa kumsika ndi zingwe zokhazokha. Iwe wasanduka nkhalamba usanakwane zaka makumi anayi. Ukuopa chiyani, abuluzi?"

"Kwina kulikonse ndipita. Ku Podstijene ayi."

"Kwawo kwa mayi athu kumeneko, ukukukana? Sitikwera phiri. Njira ya m'munsi yokha, ya miyala ija, mpaka ku kagombe kathu. Tikadya, tibwerera."

Vlaho anapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Ya m'munsi yokha," anatero.

"Ya m'munsi yokha. Ndalumbira."

M'basi anakumana ndi teta Stane, mayi wachikulire wa kumudziko amene ankachokera kwa mwana wake mu mzinda. Anawazindikira kuti ndi ana a malemu Anka, ndipo anayamba kuwawerengera amene anamwalira ndi amene anasamuka.

"Mudzi unatha, ana anga. Tatsala asanu ndi atatu. Bambo aja, dundo Baro, tinawaika chaka chatha, nyengo ngati yomwe ino. Anapita kukathyola ndiwo kumtunda kwa katchalitchi, ife tinangomva kuphulika. Galu wawo ndiye anabwera yekha."

"Ndinamva," anatero Jele. "Koma anaikako zikwangwani, eti?"

"Anaika. Mukaona chofiira, bwererani."

Vlaho ankayang'ana kunja, kumene nyanja inali yotuwa, yosalala ngati lata, zilumba zikuoneka pafupi kwambiri. Aliyense wokulira kumeneko amadziwa kuti zikatero mphepo ya kumwera ili m'njira, ndipo imabwera ndi mvula.

Anatsika pa khona la msewu n'kulowa njira ya miyala. Poyamba zonse zinayenda bwino. Kumanzere kunali nyanja, mafunde akumenya mwaulesi pansi pa phompho. Kumanja kunali timinda ta makolo tosanjikizana ngati masitepe, kamunda kalikonse kogwiridwa ndi mpanda wa miyala, mitengo ya maolivi itasanduka tchire. Vlaho ankayenda patsogolo, maso pansi. Kenaka anayamba kuimba mluzu, ndipo Jele anadzitama mumtima kuti mankhwala ake agwira.

Atayenda pafupifupi ola limodzi, njira inathera m'malere. Mvula ya m'nyengo yozizira inali itagumula phiri, dothi ndi miyala n'kutsetserekera m'nyanja. Kagombe kawo kankaoneka tsidya lina, pafupi kwambiri, koma podutsa panalibe.

"Basi, tafika," anatero Vlaho. Anakhala pa mwala n'kutulutsa fodya. "Tidyere pompano."

"Pamwambapa payenera kuti pali podutsa. Ndingosuzumira pa mpanda woyambawu."

"Jele, unalumbira."

"Pa mpanda pokha, iwe. Katchalitchi kali kutali uko, kuseri kwa phiri."

Mphepo inkazimitsa machesi ake, ndipo Vlaho anatembenukira ku thanthwe kuti ayatse. Jele anakwera mpandawo.

Pamwamba anaona zimene anali asanazionepo chibadwire. Katsitsumzukwa anali mbwee, wonenepa ngati chala, wina atatalika kufika m'bondo. Anathyola mmodzi, kenaka wina patsogolo pang'ono, kenaka wina. Dzanja litadzaza anatsegula thumba. Anakwera kamunda kachiwiri osadziwa n'komwe kuti wakwera.

Chimene chinayamba kumuvuta chinali chete. Anaimirira n'kuyang'ana uku ndi uku. Udzu unali wautali, wosadyedwa. Panalibe ndowe za mbuzi, panalibe chitini, pepala kapena phazi la munthu. Anthu a ku Podstijene, amene ankakanganirana tchire lililonse la katsitsumzukwa ngati cholowa, anali atasiya munda wonsewu kwa zaka. Ndipo patsogolo pake, mtunda woponya mwala, panali chikwangwani chachitsulo chokhomedwa pa mtengo. Iye ankachiona kumbuyo kwake, kwa dzimbiri. Nkhope yake inaloza kumtunda, kwa anthu ochokera kumudzi.

Chikwangwani chimaloza munthu amene ali kunja.

"Ima pomwepo."

Mawuwo anali a Vlaho, otsika, osanjenjemera. Anali ataima pamwamba pa mpanda wa m'munsi, fodya palibe.

"Usasunthe phazi. Usatembenuke thupi. Thumbalo usaliike pansi."

"Vlaho, teta Stane anati kumtunda kwa katchalitchi."

"Kumayambira kumtunda kwa katchalitchi. Kumathera pamene waimapo, ndi mzere wina m'munsi mwako."

"Iwe ukudziwa bwanji?"

Vlaho anayamba kuyenda pamwamba pa mpanda, mwala umodzi umodzi, akuyesa uliwonse ndi phazi asanaupondetse. Anayankha atafika moyang'anana naye.

"Mabombawo ndinawakwirira ndine."



"Ine ndi msilikali mnzanga Frano Lujak, m'masiku awiri, mu Novembala," anapitiriza Vlaho. "Mabomba makumi atatu ndi anayi, mizere isanu ndi iwiri. Ankati adani atsikira njira imeneyi. Sanatsikiremo. Pepala limene tinajambulapo linali m'thumba la Frano tsiku limene galimoto lake linapsa iye ali momwemo."

"Ndiye ukukumbuka pamene ali?"

"Ndikukumbuka pamene tinawaika. Mvula yagwa kasanu ndi kawiri kuchokera pamenepo." Anatulutsa mpeni m'thumba n'kuutambasula. "Unadutsa pati?"

Jele anayang'ana kumbuyo ndi khosi lokha. Udzu unali utadzuka kale, ngati sipanadutse munthu. Misozi inayamba kulengeza.

"Sindikudziwa."

"Usalire, usokoneza maso. Wakhala ukuthyola njira yonse, si choncho? Umbombo wakowo utithandiza lero. Yang'ana timitengo tothyoka."

Zinali zoona. Apa ndi apo munkaoneka tizitsa tatiwisi, toyera kumutu. Vlaho anatsika pa mpanda pamene panali kachitsa koyamba, anagwada, n'kuyamba kulasa dothi ndi mpeni mopendeketsa, pang'onopang'ono, malo okwana chikhatho. Akatsimikiza, ankaikapo kamwala koyera n'kusuntha bondo. Pakati pa iye ndi mlongo wake panali mapazi osapitirira makumi awiri.

Ola loyamba linatha atayenda asanu ndi limodzi.

Mphepo inafika. Maolivi anayamba kuwerama, udzu wonse n'kumagwedezeka, ndipo Jele ankaona ngati chilichonse pansipo chikusuntha. Kunyanja kunadutsa boti la alendo likupita ku zilumba, nyimbo zikumveka. Anthu ena anawaona pamtundapo n'kuwakwezera manja mosangalala. Mwendo wake wamanzere unachita dzanzi, kenaka katumba anakokana.

"Ndigwa, Vlaho."

"Sugwa. Unaima maola atatu pa ukwati wa m'bale wathu Nikša nsapato zikukuluma, chifukwa chofuna kuti akazi anzako akuone. Lankhula nane."

Funso la Jele linali limodzi lokha, ndipo linatuluka lokha.

"Dundo Baro?"

Mpeni unaima.

"Mzere wachiwiri, pafupi ndi mkuyu. Nditangowerenga m'nyuzipepala ndinadziwa kuti ndi bomba liti. Limenelo ndinalikwirira ndi manja angawa. Iwo aja ankatipatsa nkhuyu zouma tili ana."

"Bwanji sunakanene?"

"Ndinapita kawiri. Ndinafika pakhomo pa ofesi ya ochotsa mabomba, ndinabwerera. Ndikanati chiyani? Kuti ndilibe pepala, ndili ndi mutu wokhawu umene sugona? Zikwangwani anali ataika kale. Ndinadziuza kuti zakwana."

Anayambiranso kulasa. Patapita kanthawi anasiya, nkhope ili pafupi ndi udzu.

"Jele, dzanja lako lamanja likweze pang'ono. Thumbalo likwere."

Jele anayang'ana pansi. Kufupi ndi bondo lake, pakati pa minga, panadutsa kawaya kobiriwira, kopyapyala ngati ulusi. Chingwe cha thumba chinkalendewera pamwamba pake, mphepo ikuchikankha uku ndi uku. Akanathyola katsitsumzukwa mmodzi wina, amene anali atamuona kale ndi kumusirira, akanakakoka ndi mwendo.

Anakweza thumbalo mpaka pachifuwa n'kulikumbatira.

Madontho oyamba anagwa Vlaho atatsala ndi mapazi atatu. Sanafulumire. Atafika, anaimirira n'kumugwira m'mapewa, manja ake ali magazi chifukwa cha minga.

"Tembenukira kumanzere, pa chidendene. Uziponda pa timiyala toyerato, osati pambali. Ndili kumbuyo kwako."

Anafika pa njira ya miyala mvula itakhwima. Jele anakhala pansi m'matope momwemo n'kusanza. Vlaho anamudikira, kenaka anatenga thumba lija n'kuliponya kuphompho. Buledi ndi tchizi zimene anabweretsa sanazikhudze. M'basi yobwerera Jele sanasiye mkono wa jekete lake.

Lolemba m'mawa Jele sanapite kuntchito. Anakamutenga mlongo wake n'kulowa naye mu ofesi ija, osamupatsa mpata woima pakhomo. Vlaho anajambula kwa maola awiri: katchalitchi, mkuyu, chitsime chouma, mipanda, mizere isanu ndi iwiri. Bambo amene anawalandira sanamudzudzule. Anafunsa mafunso, anasindikiza chidindo, n'kunena kuti malo oyembekezera ndi ambiri.

Ochotsa mabomba anabwera m'chaka chotsatira ndi agalu awo onunkhiza. Anakhala ku Podstijene masabata asanu ndi limodzi, ndipo mapu a Vlaho anawathandiza kwambiri. Atamaliza, mkulu wawo anamuitana. Jele anapita nawo.

"Tapeza makumi awiri ndi asanu ndi anayi," anatero mkuluyo. "Lina ndi limene linapha malemu Baro. Maenje awiri ndi a nguluwe, mafupa tawaona. Onse pamodzi makumi atatu ndi awiri."

"Anali makumi atatu ndi anayi."

"Bambo Kristić, papita zaka zisanu ndi zitatu, ndipo munkagwira ntchitoyo zipolopolo zikulira. Tapita ndi agalu kawiri, ndi makina kawiri. Malowo ndi oyera."

"Mzere wa m'munsi mwapezamo angati?"

Mkuluyo anayang'ana pepala. "Atatu."

"Tinaikamo asanu."

Mkuluyo anatambasula manja. Sanali munthu woipa, ndipo anthu ake anali atachita zonse zimene akanatha.

Zikwangwani zinazulidwa. Njira inakonzedwa, anailambalalitsa pamwamba pa pogumuka paja, kudutsa m'timinda tomwe tija, n'kupaka utoto wofiira ndi woyera pa miyala kuti alendo asasochere. Inalowa m'timabuku ta maulendo a tsiku limodzi. Anzake a Jele anaiyenda mu Meyi n'kubwerako akuitama, akuti pa gombe lonselo palibe ina yokongola ngati imeneyo. Jele anati bondo likumuvuta.

Vlaho ndiye anayamba kupitako. Lamlungu lililonse amakwera basi yoyamba, kukakhala pa mwala pamene njira yatsopano imayamba kukwera. Aliyense wodutsa amamuuza mwaulemu kuti aziponda pa miyala yopakidwa utoto yokha, ndipo ana awagwire dzanja. Ena amathokoza. Ena amaseka akangomupitirira. Teta Stane amauza alendo kuti ndi mwana wa malemu Anka, nkhondo inamusokoneza mutu, koma sapweteka munthu.

Madzulo ena Jele anamudikirira pa siteji ya ku Gruž. Anatsika womaliza, khosi litapsa ndi dzuwa.

"Lero anadutsa anthu angati?" anafunsa Jele.

"Makumi asanu ndi limodzi ndi anayi. Banja lina la ku Zagreb linayala nsalu m'kamunda kachiwiri. Anadyera pomwepo."

"Unawauza?"

"Ndinawauza. Bamboyo anandipatsa vinyo."

Anayenda limodzi m'mbali mwa doko. Pa mphambano, pamene njira zawo zimasiyana, Jele anaima.

"Vlaho, ndiuze zoona. Sungakhale kuti unalakwitsa kuwerenga?"

Vlaho anaganiza nthawi yaitali, ngati munthu amene akufunitsitsa kuvomera.

"Mu mzere wa m'munsi uja Frano anaika awiri," anatero. "Ine atatu."