Gadiyani wa Misheck

Amayi athu, a Nabanda, ndi gadiyani wodziwika kuno ku Nsaru. Munthu akangogonekedwa m'chipatala, kaya ku Kabudula kaya ku Namitete, abale ake asanayambe n'komwe kukankhirana, amayi amakhala atamanga kale mphasa, poto, ndowa ndi ufa wa phala. Anadwazika abambo mpaka kuwatseka maso. Anadwazika amalume awiri, apongozi anga, ndi ine ndemwe pa mimba zitatu. M'chisakasa cha magadiyani amadziwa ngodya imene siidontha.

Ndiye mlongo wanga Misheck, chitsiriza wathu, atatiuza pa foni kuti akufunika opaleshoni, amayi sanafunse kuti akudwala chiyani. Anafunsa kuti gadiyani ndi ndani.

Misheck ali ku Ireland, chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi. Amagwira ntchito m'nyumba yosungira nkhalamba m'katauni kena kutali ndi likulu. Amazisambitsa, kuzidyetsa ndi kuzitembenuza pabedi. Kuno kwathu sanatembenuzepo ngakhale thumba la chimanga, koma zimenezo tizisiye. Kunyamula azungu okalambawo ndi kumene kunamutulutsa chotupa m'munsi mwa mimba.

"Kuno kulibe za magadiyani, amayi," anatero Misheck. "Manesi amachita zonse."

"Phala amaphikanso manesiwo?"

"Amabweretsa pepala, iwe n'kusankha chimene ukufuna kudya."

Amayi anandiyang'ana ngati bodzalo ndapeka ndine.

Ine sindinade nkhawa, chifukwa Misheck tinkamudziwa kuti ndi munthu wa anthu. Lamulungu lililonse ankatumiza chithunzi ali mu lesitilanti: mbale yaikulu ngati sefa, kanyama pakati, timasamba tiwiri tosaphika, iye atavala jekete, kumbuyo kwake anthu ali thithithi. Zithunzizo ndinkaonetsa makasitomala ku saluni kwanga. Pakamwa ndinkanyadira, koma mumtima ndinkati mwayi umagweradi anthu aulesi.

Tsiku la opaleshoni litafika mu Febuluwale, anatiuza kuti asintha. Mu Malichi anati asinthanso. Apo ndinatuluka mu saluni, ndikusiya mayi wina mutu uli theka, n'kukamuimbira kuseri.

"Iwe, chipatala cha azungu chingasinthe kawiri? Ndiuze zoona."

Anazungulira kaye, kenako ananena. Opaleshoniyo ndi ya tsiku limodzi, umalowa m'mawa, madzulo n'kutuluka. Koma lamulo lawo ndi lakuti pakhale munthu wamkulu wodzakutenga, ndipo akhale nawe mpaka tsiku lotsatira chifukwa cha mankhwala ogonetsa aja. Ukapanda kulemba dzina la munthuyo, sakung'amba. Iye kawiri konse malo amenewo anasiya osalemba.

"Ndiye kuti gadiyani," ndinatero.

"Si gadiyani kwenikweni, achemwali."

"Ndi gadiyani, iwe. Nanga anzako odya nawo aja?"

"Kuno munthu sungangomudzidzimutsa. Aliyense ali ndi pulogalamu yake. A kuntchito ali pa shifiti. Amalawi ali ku Dublin, maola anayi pa basi, nawonso ali pa shifiti."

Ananenanso kuti ampatsa Lachiwiri lina mu Epulo, ndipo akaliphonya limeneli abwerera kumapeto kwa mzere, mwina chaka chathunthu. Dokotala anamuchenjeza kuti chotupa chotero chikhoza kupana matumbo tsiku lililonse. Anandipempha kuti ndisawauze amayi. Ndinamulonjeza, ndipo ndinawauza tsiku lomwelo.

Amayi anali pakhonde akuswa mtedza. Anapukuta manja, n'kuitanitsa foni ndi magalasi awo a ku Mvano. Anayamba kuona zithunzi za ku lesitilanti zija chimodzichimodzi, kuyambira za zaka zam'mbuyo, ngati akusankha mbewu.

"Anzake ndi ati pamenepa?" anafunsa. "Onsewa amupatsa nkhongo. Sabata ino nkhongo zina, sabata inayo nkhongo zina."

Ine zithunzi zimenezo ndinali nditazionetsa Nsaru yense, koma nkhongozo ndinali ndisanazione.

Kenako analoza ndi chala. M'zithunzi zambiri munali bambo wina wadazi, wovala epuloni, ataima patali pafupi ndi kauntala. "Uyu sasintha. Uyu ndi amene amamudyetsa. Muimbire."

"Amayi, ameneyu ndi wogulitsa. Zili ngati kupempha mayi wa chiyimilire pa msika paja kuti akakudwazikeni."

"Ndiye angakane?"

Ndinaganizira mayi wa chiyimilireyo, ndipo ndinaona kuti sangakane.

Nambala inali pa galasi la zenera m'chithunzi china. Ndinatumiza kaye chithunzi cha Misheck pa watsapu, kenako ndinaimba. Chizungu changa ndinachisiya ku Fomu Folo mu 2004, ndiye chinatuluka ngati madzi a pa mjigo wouma. Bamboyo anandifunsa kuti ndikufuna chakudya chanji. Ndinati ndili ku Malawi, ku Afirika, ndipo sindikufuna chakudya, ndikufuna munthu. Ndinafotokoza za mlongo wanga, za chotupa, za lamulo la chipatala. Anati munthu wa pachithunziyo amamudziwa, ndi wa tebulo la pa zenera. Iwo dzina lawo ndi Hashimu, kwawo ndi ku Pakistan.

Amayi anamva dzinalo. "Ngati a Hashimu a sitolo ya nsalu aja? Sangakane."

A Hashimu anati kwa zaka zisanu ndi chimodzi Misheck amabwera Lamulungu lililonse, yekha. Amaitanitsa chakudya, koma sayamba kudya. Amadikira kuti matebulo a kumbuyo kwake adzaze, ndiye amapempha akazi a Hashimuwo kuti amujambule. Iwo ankaganiza kuti ndi munthu wokonda zithunzi.

Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi chifukwa cha nsanje yanga ija. Zimenezo amayi sindinawamasulire.

"Bwanji osandiuza yekha?" anafunsa a Hashimu.

Ndinati kwathu munthu sadzipezera yekha gadiyani, amamupezera ndi abale. Anafunsa tsiku. Ndinati Lachiwiri. Anati Lachiwiri satsegula lesitilanti, ndiye mpata ulipo. Nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu lotsatira Misheck anaimba akutentha. A Hashimu anali atamubweretsera chakudya, n'kukoka mpando, n'kumufunsa za chotupa pamaso pa anthu.

"Mwandichotsa ulemu," anatero. "Malo amodzi okhawo amene ndimalowa ngati bwana, lero mwandisandutsa wopemphapempha. Ndizidyanso bwanji pamenepo? Achemwali, munandilonjeza."

Amayi analanda foni. "Akuti akakutenga nthawi yanji?"

"Folo koloko."

"Chabwino. Ukasambe bwino."

Lachiwiri lija amayi sanadye kanthu kuyambira m'mawa, chifukwa Misheck anauzidwa kuti asadye, ndipo gadiyani sadya wodwala ali ndi njala. Ndinawakumbutsa kuti gadiyani ndi a Hashimu. Anati a Hashimu ndi atsopano pa ntchito. Anakhala pa mphasa tsiku lonse, foni ili pa miyendo, osalola ngakhale kuti ndikaitchaje. Saluni sindinatsegule.

Dzuwa likulowa foni inalira, ya vidiyo. A Hashimu anali m'nyumba mwawo, pamwamba pa lesitilanti. Anatembenuza foni, ndipo tinamuona Misheck atagona pa sofa, atafunda bulangete la maluwa, pakamwa pali pululu. Popanda jekete anali wochepa thupi kwambiri. Anali ndi imvi m'mbali mwa makutu, zimene m'zithunzi sizinkaoneka.

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kupereka malangizo, ine ndikumasulira. Poyamba phala lamadzimadzi, lopanda tsabola. Akafuna kupita kuchimbudzi amuperekeze, aime pakhomo, ndipo chitseko chisakhomedwe. Asamufunse ngati akumva kupweteka chifukwa akana, angoyang'ana zala za kumapazi, akazipinda ndiye kuti zavuta. A Hashimu anatulutsa kabuku kamene amalembamo zakudya za makasitomala, n'kulemba zonse. Pomaliza anafunsa ngati pali china chowonjezera.

Amayi anati amudzutse, amve mawu ake.

A Hashimu anawerama. Asanamugwedeze, anatembenuza pang'ono dzanja la Misheck, n'kusuzumira ka pulasitiki ka kuchipatala kamene kanali pa mkono. Ndiyeno anaitana dzina. Misheck sanayankhe.

"Waona?" anatero amayi. "Awerenga dzina pa mkono."

"Ndi anthu a chinenero china, amayi. Maina athu amawavuta."

"Sindikuwanena. Koma wodwala akafooka sayankha dzina la pasipoti. Uwauze la kunyumba."

Ndinawauza a Hashimu kuti kwathu timamuti Tsirizani. Dzina limeneli Misheck analiletsa atangoyamba sekondale, ndipo ine ndinali nditaliiwala pakamwa. A Hashimu analilemba m'kabuku kaja. Anayesa koyamba, linawakanika. Amayi analitchula pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa Sande sukulu. Anayesa kachiwiri, linatsala pang'ono. Kachitatu anaika dzanja paphewa la Misheck, n'kuitana bwinobwino.

Misheck, maso ali chitsekere, anayankha ndi mawu a kamnyamata kakang'ono: "Wawa."

Ine ndinalira. Amayi anati ndigwire bwino foni, chithunzi chikugwedezeka.